Mitengo, madambo ndi mitsinje ya mu Joni: mafunso ndi mayankho kwa ife okhala kuno

Amalawi ambiri kuno ku Joni, mumzinda wa Johannesburg, timadyera m'dothi. Wina akutchetcha kapinga ku Bryanston, wina akudulira maluwa ku Northcliff, wina akusesa masamba a jakaranda ku Parkview. Koma tsiku limene khonsolo ikufunsa anthu komwe kudzalidwe mitengo, dambo loti lisiyidwe ndi mtsinje woti ukonzedwe, ife sitioneka. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amatuluka nkhaniyi ikayambika pakati pathu.

Muno ndi nyumba zosanja ndi phula lokhalokha. Chilengedwe choti n'kubwezeretsa chili pati?

Golide asanapezeke mu 1886, malo ano anali chigwa cha udzu, chokhala ndi timapiri ta miyala, akasupe ndi madambo. Nkhalango mukuiona kumpoto kwa mzindawu ndi yochita kudzala. Mabulugama ambiri anadzalidwa kuti apereke mitengo yochirikizira migodi, ndipo dera la Saxonwold linatenga dzina ku nkhalango yodzalidwa yotchedwa Sachsenwald. Jakaranda kwawo ndi ku South America. Anthu amakonda kunena kuti mzindawu uli ndi mitengo pafupifupi 10 miliyoni, ndipo n'zoona kuti mthunzi wake ndi chuma.

Koma mwini dera weniweni ndi udzu. Udzu wa kuno, womwe akatswiri amautcha Egoli Granite Grassland, watsala pang'ono chifukwa cha zomangamanga. Amene wayendapo pa timapiri totetezedwa ta Melville Koppies mvula yoyamba itagwa amadziwa zomwe ndikunena: pansi pomwe panapsa m'chilimwe pamatuluka timaluwa tosiyanasiyana tochokera ku mizu ikuluikulu yomwe yakhala m'nthaka zaka zambiri. Katapila ikadutsapo kamodzi, zimenezo sizibwereranso ngakhale mutathirira chotani. Ku Klipriviersberg, kummwera kwa mzinda, kuli mbidzi ndi nyumbu. Ku Walter Sisulu National Botanical Garden ku Roodepoort ziwombankhanga zakuda zimamanga chisa pathanthwe pafupi ndi mathithi. Ku Glen Austin, cha ku Midrand, achule akuluakulu amagona pansi pa nthaka miyezi yambiri n'kutuluka mvula ikagwa yamphamvu.

Choncho mukamva zobwezeretsa chilengedwe musangoganiza za kudzala mbande. Nthawi zina ntchito yake ndi kuletsa kutaya zigumukire za nyumba padambo, kuzula zomera zobwera, kapena kungosiya tchire likhale tchire. Malo amene wodutsa amati "palibe kanthu apa" amatha kukhala ndi zamoyo zochuluka kuposa kapinga wobiriwira wa kumayadi.

Ine ndimakhala m'kachipinda ka lendi ku Alexandra. Za mbalame ndi maluwa si za mabwana zimenezi?

Achimwene, madzi akasefukira sayambira kwa mabwana.

Joni anamangidwa pamtunda wogawa madzi. Mvula yogwa kumpoto kwa mtundawu imalowa mu Jukskei ndi timitsinje tina, n'kupita ku Crocodile, damu la Hartbeespoort, Limpopo mpaka nyanja ya Indian. Yogwa kummwera imatsata Klip kudutsa ku Soweto, n'kulowa mu Vaal ndi Orange mpaka nyanja ya Atlantic. Jukskei amayambira pakati pa mzinda, cha ku Ellis Park ndi Bertrams, ndipo asanafike ku Alexandra amakhala atasenza kale suweji, mapulasitiki ndi madzi onse othamanga pa malata ndi phula. Dambo likakhalapo limamwa madziwo n'kumawatulutsa pang'onopang'ono. Likakwiriridwa, madzi amafika onse nthawi imodzi, ndipo amene amawalandira ndi okhala m'mphepete mwa mtsinje, monga zinachitikira ku Setswetla, dera la ku Alexandra, mu Novembala 2016. Ife amene tili ndi abale ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche sitifunika kuuzidwa zomwe madzi anachita mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe Freddy.

Palinso nkhani ya mthunzi. M'nthawi ya tsankho mitengo inkadzalidwa kumadera a azungu, malokeshoni n'kumasiyidwa pa fumbi. Kusiyanako kukuonekabe mpaka lero: dutsani M1 kuchoka ku Sandton kulowa mu Alexandra muone. Khonsolo inayesako kudzala mitengo 200,000 ku Soweto mpikisano wa mpira wa 2010 usanachitike, koma ntchito idakalipo yambiri. Okhala ku Riverlea ndi Snake Park, pafupi ndi milu ya dothi la m'migodi, amapuma fumbi mphepo ya mu Ogasiti ikayamba. Kudzala udzu ndi mitengo pa milu imeneyo ndi nkhani ya zifuwa za ana.

Koma ndine mlendo. Lamulo limandilola kulankhulapo?

Inde. Kuvota ndi kwa nzika za dziko lino, koma kupereka maganizo ndi kwa aliyense wokhala mumzinda.

Gawo 24 la malamulo aakulu a South Africa limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo osawononga thanzi lake. Lamulo loyendetsera makhonsolo, Municipal Systems Act la mu 2000, limalamula khonsolo kufunsa anthu a m'dera, ndipo pofotokoza kuti anthuwo ndi ndani limatchula okhalamo, olipira misonkho ya malo, mabungwe, ngakhalenso obwera kudzagwiritsa ntchito zinthu za khonsolo. Lamulo la zachilengedwe, NEMA la mu 1998, nalo limafuna kuti onse okhudzidwa amvedwe chitukuko chisanavomerezedwe.

Pomwe pali malire ndi pa komiti ya wodi. Komitiyi imakhala ndi khansala ndi anthu ena osapitirira 10, ndipo mipando yake ndi ya ovota a m'wodimo. Inu simungakhale pampandowo, koma msonkhano wa anthu onse a m'wodi mutha kupitako, ndipo khansala ndi wa aliyense wogona m'wodi yake.

Nanga mantha? Mukudziwa mmene zinthu zimakhalira nthawi zina kwa ife obwera.

Manthawo ndi oona ndipo palibe amene ayenera kukunenani nawo. Pali madera ndi nyengo zimene mlendo kuimirira pagulu n'kudziika pa ngozi. Mukaona kuti mphepo si yabwino, musapite. Njira zina zilipo: kulemba imelo, kupereka maganizo kudzera ku mpingo wanu, ku komiti ya makolo pasukulu ya ana anu, kapena ku gulu loyeretsa mtsinje lomwe limalemba kalata imodzi m'dzina la onse. Pamisonkhano pamakhala kaundula wolembapo dzina ndi nambala ya foni. Werengani kaye zomwe akufunsa musanasaine.

Chimene ndaona n'chakuti pa ntchito ya manja, monga kutola zinyalala mumtsinje Loweruka m'mawa, anthu amayamba kudziwana maina. Mzulu, Mpedi, Mshona ndi Mchewa akanyamulira limodzi thumba lonyowa, tsiku la msonkhano amakhala benchi imodzi.

Mapulaniwo amapangidwa kuti, ndipo liti?

Pulani yaikulu ya khonsolo imatchedwa IDP. Imakonzedwa ya zaka 5 ndipo imaunikidwanso chaka chilichonse pamodzi ndi bajeti. Chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba pa 1 Julayi. Bajeti yongoyerekeza imaperekedwa cha kumapeto kwa Malichi, mu Epulo anthu amafunsidwa maganizo m'zigawo 7 za mzindawu, kuyambira A mpaka G, kenako makhansala amaivomereza chaka chatsopano chisanayambe. Paki imene sinalowe mu IDP ndi mu bajeti imathera pakamwa. N'chifukwa chake Epulo ndi mwezi wotchera khutu.

Pali pulani inanso ya kagwiritsidwe ntchito ka malo, Spatial Development Framework 2040, yomwe inavomerezedwa mu 2016. Imeneyi imasonyeza komwe mzinda ukulire ndi malo oyenera kutetezedwa.

Dziwaninso khomo logogoda. Mapaki, manda, mitengo ya m'misewu ndi malo osungirako zachilengedwe ali m'manja mwa Johannesburg City Parks and Zoo. Zinyalala ndi za Pikitup. Suweji yophulika ndi ya Johannesburg Water. Ngalande za madzi a mvula ndi za Johannesburg Roads Agency. Mtsinje umodzi umakhudza onsewa, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amatopera. Mukapereka dandaulo, pemphani nambala yake ndipo muisunge.

Ndaona chikwangwani pampanda wa malo opanda nyumba pafupi ndi kwathu. Chimatanthauza chiyani?

Imani muwerenge. Kawirikawiri chimakhala pepala loyera lokutidwa ndi pulasitiki, lomangidwa ndi waya pamakona anayi, zilembo zake zing'onozing'ono, dzuwa litayamba kale kuzifufuta. Anthu mazana amadutsapo popita kokwera takisi osatembenuka n'komwe. Komatu pepala limenelo ndi limene likunena kuti padambo pomwe ana amasewera pakubwera nyumba zosanja, malo omwetsera mafuta kapena msewu.

Zikwangwanizi zili mitundu iwiri. Wina ndi wa kafukufuku wa mmene chitukuko chikhudzire chilengedwe, EIA. Pamenepo pamalembedwa dzina la kampani yochita kafukufukuyo, foni ndi imelo. Alembereni kuti akuikeni m'kaundula wa anthu okhudzidwa. Mukalowamo, ayenera kukudziwitsani malipoti akatuluka, kukupatsani masiku osachepera 30 oti muyankhe, kulemba maganizo anu mu lipoti pamodzi ndi yankho lawo, ndiponso kukuuzani chigamulo cha boma ndi njira yochitira apilo. Kulembetsako n'kwaulere. Malamulo amaletsanso kufunsa anthu pakati pa 15 Disembala ndi 5 Januwale popanda chifukwa chapadera, nthawi imene ambiri a ife tili pa basi ya ku Mwanza kapena ku Dedza.

Mtundu wachiwiri ndi wosintha ntchito ya malo, mwachitsanzo puloti ya nyumba imodzi kukhala ya mafulati. Apa nthawi yotsutsa imakhala masiku 28, ndipo tsiku lomaliza limalembedwa pomwepo. Jambulani chikwangwanicho ndi foni tsiku lomwe mwachiona, chifukwa mvula ndi mphepo sizichedwa kuchichotsa.

Chingerezi changa n'chopereŵera. Ndilemba chiyani?

Lembani zomwe maso anu aona. Katswiri amabwera masiku ochepa, mwinanso m'chilimwe dambo litauma. Inu mumadutsapo tsiku lililonse. Mukudziwa pomwe madzi amaima mu Januwale, ngodya yomwe malole amatayira zigumukire usiku, mtengo womwe amayi ogulitsa chimanga chootcha amabisalapo dzuwa, ndi kanjira ka ana a sukulu. Zimenezi mu lipoti la katswiri zimasowa.

Tchulani malo, nenani chomwe chimachitika ndi nthawi yake, kenako nenani chomwe mukupempha. "Tikufuna paki" n'chosavuta kuchinyalanyaza. Koma mukati "madzi ochokera m'ngalande ya pa ngodya ya msewu wakutiwakuti amalowa m'nyumba zakumunsi mvula ikagwa, tikupempha kuti dambolo lisakwiriridwe ndipo pakhale kamlatho ka oyenda pansi", wina akuyenera kuyankha. Ikanipo chithunzi.

Kwa amene satha kulemba, lamulo la makhonsolo lija limati pakhale wogwira ntchito wa khonsolo womulembera zomwe akunena. Mwana wanu wa kusekondale athanso kukuthandizani, ndipo iyeyo aphunzirapo kanthu.

Kodi amamvadi, kapena amangofuna tidzaze mipando?

Misonkhano ina imakhaladi yongokwaniritsa mwambo: nthawi yake ndi ya ntchito, malo ake ndi akutali, zolankhula ndi zazitali, mafunso kumapeto anthu atatopa. Sindingakunamizeni kuti mawu aliwonse amasintha pulani. Koma chomwe chalembedwa chimakhala umboni, ndipo pa nkhani ya EIA amene anali m'kaundula ndi amene amauzidwa chigamulo nthawi ya apilo isanathe.

Ndipo pali malo omwe anthu wamba anawasinthadi. The Wilds, paki ya pa timapiri ta ku Houghton, anthu ankaiopa kwa zaka zambiri. Wojambula James Delaney anayamba kudulira tchire ndi kukonza tinjira ndi anthu ongodzipereka, ndipo mu Julayi 2017 anapachika m'mitengo zifanizo 67 za akadzidzi pa tsiku lokumbukira Nelson Mandela. Lero mabanja amapitako ndi ana. Melville Koppies yasamalidwa ndi anthu ongodzipereka kwa zaka zambiri mogwirizana ndi khonsolo. Ku Alexandra gulu la Alexandra Water Warriors limalowa mu Jukskei ndi majombo kuchotsa zinyalala, ndipo kumtunda kwa mtsinjewu bungwe la Water for the Future likugwira ntchito ndi anthu a ku Bertrams ndi Lorentzville. Onsewa anayamba ndi manja, akuluakulu n'kubwera pambuyo.

Kukonza mtsinje sikukhala njira yothamangitsira osauka?

Funso ili ndi lolemera ndipo liyenera kufunsidwa pamsonkhano uliwonse. Zimachitika kuti malo akakongola pamabwera mpanda ndi geti, amene ankagona, kugulitsa kapena kusankhira zinyalala pamenepo n'kuuzidwa kuti achoke. Nakonso kumanga pomwe madzi amadutsa n'kuika moyo pachiswe, ndipo ena ayeneradi kusamuka. Koma gawo 26 la malamulo aakulu limati palibe wochotsedwa panyumba pake popanda chigamulo cha khoti. Funsani poyera: okhala pano apita kuti? Geti lidzakhala lolipira? Ntchito yodzala ndi kusamala idzapatsidwa kwa anthu a m'dera lino? Otola mabotolo ndi makatoni, amene amakoka matrole awo m'bandakucha, apatsidwa malo osankhira? Iwo aja amachotsa mumsewu pulasitiki yambiri yomwe ikanathera mumtsinje. Pulani yowaiwala ndi yopereŵera.

Akuti akuteteza chilengedwe, nanga bwanji akudula mitengo?

Si chobiriwira chilichonse chomwe chili chabwino pamalo ano. Zomera zina zobwera zimafalikira n'kupha za eni dera, ndipo zina zimamwa madzi ambiri. Lamulo loteteza zamoyo za m'chilengedwe, NEMBA la mu 2004, ndi malamulo ake a mu 2014 anaziika m'magulu. Bugweed, lantana ndi pompom weed, ya maluwa apinki ija yomwe imadzaza m'tchire nthawi ya mvula, zili m'gulu loyenera kuchotsedwa. Namasupuni amene timamudziwa pa Shire ndi yemweyo wavutitsa pa damu la Hartbeespoort, ndipo chimamunenepetsa ndi suweji yochokera kuno. Jakaranda wa m'misewu ya m'tauni amasiyidwa, koma podzala watsopano ndi bwino kusankha mitengo ya konkuno monga white stinkwood, karee ndi wild olive, yomwe imapirira chisanu ndi chilala cha kuno.

Palinso kachilombo kotchedwa polyphagous shot hole borer, kochokera ku Asia, komwe kanapezeka m'dziko lino mu 2017 ku Pietermaritzburg. N'kakang'ono, mamilimita awiri okha. Kamaboola thunthu n'kulowetsamo nkhungu yomwe imatseka njira za madzi, mtengo n'kuyamba kuuma kunsonga. Mukayandikira thunthu mumaona timabowo ngati pobaya ndi nsonga ya bolopeni, pena pakutuluka utomoni kapena ufa wa mtengo, khungwa litadetsedwa ngati lanyowa. Mitengo ya London plane, oak ndi box elder yavutika nako kwambiri.

Apa ndi pamene ife a m'magadeni tili patsogolo pa wina aliyense. Ndife oyamba kuona timabowoto. Ndifenso amene bwana amatiuza kuti "tenga nkhunizi ukaotche kwanu". Musatenge, chifukwa kachilomboka kamayenda ndi nkhuni kuchoka dera lina kupita lina. Auzeni abwana anu zomwe mwaona, ndipo ngati mtengowo ndi wa mumsewu, nkhaniyo ipite ku City Parks. Mtengo wa mumsewu ndi wa khonsolo, sudulidwa popanda chilolezo ngakhale uli pakhomo penipeni.

Ife timapemphera kuphiri ndipo timabatiza mumtsinje. Atiletsa?

Ngati simulankhula, ena adzakulankhulirani, ndipo adzangotchula moto wosiyidwa, makandulo ndi mapepala. Koma chitsanzo chabwino chilipo. Kumadzulo kwa Melville Koppies mipingo ya chiafirika yakhala ikupemphera m'mabwalo ake kwa zaka zambiri mogwirizana ndi osamala malowo, ndipo imathandiza kuwasamala. Abusa ndi akuluampingo, pitani mukadziwike kwa oyang'anira malo omwe mumapempherapo, mugwirizane za moto, zinyalala ndi zimbudzi.

Za ubatizo ndinene mosabisa. Mu Disembala 2022 anthu osachepera 14 anamwalira madzi atasefukira mwadzidzidzi pa mwambo wa mpingo mu Jukskei. Mitsinje ya kuno imadzaza m'mphindi zochepa mvula ikagwa kumtunda, ngakhale pomwe mwaimapo kuli dzuwa. Madzi akenso ndi a suweji. Malo otetezeka a miyambo ya mapemphero ndi pempho loyenera kulowa mu IDP, ndipo oyenera kulipereka ndi mipingo.

Ofuna mankhwala azitsamba, dziwani kuti kukumba mizu ndi kusenda makungwa m'malo otetezedwa ndi mlandu. Pemphani kuti pakhale nazale ya zitsamba zimenezi.

Ndamva kuti amaika mabokosi a akadzidzi m'masukulu. Si malodza amenewo?

Tonse tinakula tikumva kuti kadzidzi akalira padenga kuli maliro, ndipo anzathu a kuno amakhulupiriranso zomwezo. Ku Alexandra mabokosiwa anaikidwa pofuna kuchepetsa makoswe, chifukwa kadzidzi chakudya chake ndi makoswe ndi mbewa. Pomwe anthu sanafunsidwe bwino panali kukana. Mantha a munthu sachoka pomuseka. Amene akubweretsa ntchito yotere ayambe wakhala pansi ndi makolo. Mbali yathu ndi kusamala ndi mankhwala a makoswe ogulidwa pamsewu: khoswe wodya poizoni akadyedwa ndi kadzidzi kapena mphaka, onse amafa, ndipo ana aang'ono amatha kutola mankhwalawo.

Ndimapuma Lamulungu lokha. Ndingachitepo chiyani?

Dziwani nambala ya wodi yanu ndi dzina la khansala. Pa chisankho cha 2021 mzindawu unali ndi mawodi 135, ndipo madera ambiri ali ndi gulu la WhatsApp komwe misonkhano imalengezedwa. Pa gulu lanu la chipereganyu kapena la maliro sankhani munthu mmodzi woti azitsata nkhanizi n'kumauza anzake.

Ngati muli ndi foni yojambula, ikanimo pulogalamu ya iNaturalist. Mukajambula duwa, chule, gulugufe kapena mbalame, chithunzicho chimasungidwa ndi malo ndi tsiku lake, ndipo akatswiri amathandiza kutchula dzina. Kumapeto kwa Epulo kumakhala City Nature Challenge, pomwe mizinda ya padziko lonse imapikisana kujambula zamoyo zake. Zithunzi zambiri zimachokera m'mapaki ndi kumayadi, pomwe madambo a ku Diepsloot, Cosmo City ndi Orange Farm ali ndi owajambula ochepa. Tsiku lina wina akadzalemba kuti pamalopo palibe chamoyo choti n'kuteteza, chithunzi chanu chidzakhala poyambira kutsutsa.

Mu Seputembala, mwezi wodzala mitengo kuno, mbande zimagawidwa m'madera ndi m'masukulu. Vuto limabwera pambuyo, chifukwa mvula imayamba cha mu Okutobala ndipo mbande zambiri zimauma zisanagwire. Mukalandira kamtengo kapena mukakaona kadzalidwa pafupi ndi pakhomo panu, kumbani kabeseni kuzungulira tsinde, phimbirani ndi udzu wouma, ikani kamtengo kochirikiza ndi waya woteteza ku mbuzi, ndipo muzithirira ndowa imodzi kawiri pa sabata mpaka mvula itakhazikika. Madzi otsukira masamba kapena mpunga ndi okwanira.